Kodi Mphepo Ili ndi Mlandu?

Chaka ndi chaka, pamene mwezi wa Seputembala ulikutha ndipo Okutobala ali pakhomo, a nthambi ya boma yoyang'anira za nyengo, amene likulu lawo lili ku Blantyre, amatumiza mawu pa wailesi ndi pa mafoni onena kuti masiku alinkudza adzakhala otentha, ouma, ndi a mphepo yolimba masana. Ena amayesa kuti mawu otere ali a asodzi a kunyanja okha. Koma ife a kuno ku Nthalire, amene tikhala m'tsinde mwa phiri la Nyika, tidziwa kuti anena za ife ndithu. Pakuti imeneyi ndiyo nyengo imene usiku tiona mizere yofiira ilikukwera m'mapiri, ndipo kukacha timamva kuti wakuti udzu wake wofolera wapsa, wakuti nkhokwe yake yasanduka phulusa. Tsono akapezeka mwini moto, namuimika pabwalo, mawu ake ali amodzimodzi m'mudzi uliwonse: "Ine sindinafune kutero, ndi mphepo." M'tsamba lino tifuna tifunsane, inu owerenga ndi ife, ngati mawu amenewa ali oona. Kodi mphepo ingathe kusenza mlandu wa munthu?

Tisanaweruze munthu tiyambe taphunzira khalidwe la moto, pakuti woweruza wosadziwa chinthu chimene alikuweruza amangoponya muvi mumdima. Moto ufuna zinthu zitatu kuti ukhale ndi moyo: chakudya chake, ndicho udzu, masamba ndi nkhuni, kutentha, ndi mpweya. Udzu wouma umamwa chinyezi msanga, numachitayanso msanga, mwina m'ora limodzi lokha. Chifukwa chake udzu womwewo umene m'mamawa uyaka mwaulesi, pofika masana dzuwa litapendeka pang'ono umayaka ngati authira mafuta. Mphepo nayo ichita ntchito zitatu: imapatsa moto mpweya watsopano, imaweramitsa malawi kuti agone pa udzu umene sunapse, ndipo imanyamula mbaliwali kuziolotsa njira ngakhale mtsinje. Palinso chinthu china chimene ife okhala m'dziko la mapiri tiyenera kuchisunga: moto uthamanga pokwera koposa potsika, chifukwa malawi amayamba kuwamba udzu wa kumtunda asanaufike. Anthu amene anayesa zimenezi ku Australia anapeza kuti phiri likatsetsereka madigiri 10, liwiro la moto wokwera limawirikiza kawiri. Motero moto umene pachigwa mwana angathe kuuzima ndi nthambi yaiwisi, paphiri ngakhale mnyamata waliwiro sangaupitirire.

Zonsezi makolo athu anazidziwa, ngakhale sanaziwerenge m'buku. Iwo sanauyese moto mdani. Anatentha tchire mvula itangoleka, udzu ukadali ndi madzi pang'ono, ndipo moto wotere unali wofatsa, wodumphadumpha, wosiya zigamba zosapsa. Tsono lupsa limenelo linali linga lotchinjiriza mudzi pa masiku otentha. Nzeru imeneyi inayesedwa poyera ku Ndola, m'dziko la Zambia, kuyambira chaka cha 1933. Kumeneko anagawa nkhalango ya mitengo ya mombo ndi tsamba, yonga yathuyi, m'zigawo: china ankachitentha chaka ndi chaka kumayambiriro a chilimwe, china kumapeto a chilimwe, china osachitentha konse. Zitapita zaka zambiri, katswiri wa zomera dzina lake C. G. Trapnell analemba m'chaka cha 1959 zimene zinaoneka: kumene ankatentha msanga nkhalango inakhalabe ndipo mitengo yaing'ono inakula, koma kumene ankatentha mochedwa mitengo ya mombo inatha, kunatsala udzu ndi mitengo yowerengeka yopirira moto. Ngakhale oyang'anira nkhalango ya Nyika amatentha zigawo zina dala nyengo yachisanu, kuti moto wa Okutobala ukadza usapeze chakudya. Tiona tsono kuti moto pawokha suli choipa. Moto wa Juni ndi moto wa Okutobala uchokera m'bokosi limodzi la machesi, koma wina ndi wantchito wokhulupirika, wina ndi chilombo. Ndipo wosankha mwezi, tsiku ndi ora ndiye munthu.

Tsopano tiyerekeze anthu atatu, ndipo aliyense wa iwo moto wake watentha nkhokwe ya mnansi. Woyamba ndi mayi amene anasonkha moto wophikira pamalo ake a masiku onse, pabwalo losesa bwino; koma kamvuluvulu anadzuka mwadzidzidzi, nanyamula khala kuliponya padenga. Wachiwiri ndi mwamuna amene anafuna kukumba mbewa, nayatsa tchire masana, mwezi wa Okutobala, mphepo ilikuomba, osalambula, osauza munthu. Wachitatu ndi munthu wa chidani, amene anayatsa usiku kumbali kochokera mphepo, alikudziwa kumene moto udzathera. Phulusa la nkhokwe zitatuzi lili lofanana, ndi njala ya eni ake ili yofanana. Koma palibe nyakwawa yanzeru imene ingaweruze atatuwa mofanana. Woyamba waona ngozi, ndipo ayenera kutonthozedwa. Wachitatu wachita dala, ndipo palibe womuikira kumbuyo. Nkhani yathu ili pa wachiwiri, pakuti moto wochuluka wa m'dziko muno ngwake, ndipo ndiye amene afuna kukhala pa mphasa ya woyamba, ponena kuti, "Inenso ndi ngozi."

Tiyeni timumvere bwino. Anena zoona kuti sanafune kutentha nkhokwe; mtima wake unali pa mbewa. Koma kodi munthu ayankha mlandu pa zokhazo zimene anazifuna? Wina akakumba mbuna pakati pa njira ya kumadzi kuti agwire nguluwe, nagweramo mwana, kodi tidzamumasula chifukwa anafuna nguluwe? Iyayi. Tidzamufunsa kuti, "Kodi sunadziwe kuti pamenepa papita ana?" Tiona tsono kuti pa mlandu pali mafunso awiri: chimene munthu anafuna, ndi chimene anadziwa. Ngozi yeniyeni ndiyo chinthu chimene munthu wosamala sakadatha kuchionera patali. Nanga mphepo ya Okutobala ndi mlendo wodzidzimutsa kodi? Imadza tsiku ndi tsiku dzuwa likakwera, monga mnansi wodziwika mapazi. Ndiponso woyatsa uja anaiyembekeza ndithu. Anaima kumbali kochokera mphepo kuti imuyendetsere moto kumene iye afuna. Anailemba ntchito. Pamene inali kumusesera tchire anaiyesa mthandizi wake. Itapitirira malire, ndi pamene ayamba kunena kuti saidziwa. Munthu sangalandire malipiro a wantchito wake nakana ngongole zake.

Maganizo amenewa si atsopano. M'malamulo a Mose, m'buku la Eksodo mutu 22, muli chiweruzo cha moto umene wabuka m'minga nutentha tirigu wa munthu wina, ndipo chiweruzocho chiika malipiro pa amene anauyatsa. Chozizwitsa nchakuti lamulolo silifunsa ngati woyatsayo anali ndi chidani, kapena ngati tsikulo kunali mphepo. Liyang'ana dzanja loyatsa basi. M'dziko lathu lomwe lino lamulo la nkhalango la chaka cha 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Koma lamulo la boma ligwira okhawo amene aonedwa, ndipo m'tchire mulibe mboni. Chifukwa chake ife tilikulankhula ndi bwalo lina, limene munthu aliyense ayenda nalo m'chifuwa mwake, ndilo chikumbumtima.

Nanga chenjezo la pa wailesi lilowa pati m'nkhaniyi? Ife tiyesa kuti lilowa pakati penipeni. Kale makolo ankawerenga nyengo pa zizindikiro: mitengo ya mombo ikatulutsa masamba ofiira mvula isanagwe, nyenje zikayamba kulira masana, akamvuluvulu akayamba kuvina m'minda yokolola, ankadziwa kuti nthawi yosewera ndi moto yatha. Ife tili nazo zizindikiro zomwezo, ndipo pamwamba pake tapatsidwa anthu oyesa kutentha ndi mphepo, otiuziratu za mawa ndi mkuja. M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2023 iwo anachenjeza dziko lonse za kutentha kwakukulu, ndipo m'malo ena a kuchigwa kunapitirira madigiri 40. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma chidziwitso ndi katundu. Munthu akachilandira sangakhalenso wopepuka monga analili asanamve. Amene anamva m'mawa kuti lero kudzatentha ndi kuomba mphepo, nayatsabe masana, wadzichotsera yekha mawu aja akuti "sindinadziwe." Chenjezo silisintha mphepo, koma lisintha mlandu: chimene dzulo chikadatchedwa ngozi, lero chitchedwa kunyozera.

Wina adzati, "A zanyengo amalakwa, nthawi zina anena mphepo, mphepo osadza." Nzoona, pakuti iwo sanena monga aneneri, koma monga oyesa pa muyeso. Koma taikani zinthu ziwirizi pa sikelo. Mukamvera chenjezo, mphepo nkusadza, mwataya chiyani? Ndiwo za tsiku limodzi, ndi kusosa kumene mungathe kuchita mawa madzulo. Mukanyozera, mphepo nkudza, chotayika ndi chakudya cha chaka chathunthu, kapena nyumba, kapena moyo wa nkhalamba yosatha kuthamanga. Ndipo choipa koposa nchakuti chimene mwabetcha si chanu. Munthu wobetcha mbuzi yake timutcha wopusa. Wobetcha nkhokwe ya mnzake mwini wake asakudziwa timutcha dzina lina.

Wina adzati, "Inu aphunzitsi mulankhula mutakhuta. Ife tifuna ndiwo, ng'ombe zathu zifuna msipu, munda ufuna kusosa, mawere afuna phulusa, ndipo njuchi sizifulidwa popanda utsi." Mawu amenewa sitiwapeputsa konse, pakuti umphawi si nthano, ndipo ntchito zonsezi nzoyenera. Koma tapenyani bwino: zosowa zimenezi zifuna moto, koma palibe ndi chimodzi chomwe chofuna moto wa masana, wosalambulira, wopanda mlonda. Wososa angathe kuunjika zinyalala pakati pa munda, nalambula m'mbali, nayatsa madzulo mphepo itagona, ataitana anansi awiri okhala ndi nthambi zaziwisi, osachoka kufikira khala lomaliza litazima. Wofula njuchi angathe kukwirira muuni wake ndi dothi. Chimene chipulumutsidwa ndi moto wosasamala si moyo wa mmphawi, koma thukuta la ora limodzi. Ndiponso tifunse: moto wolusa ukadutsa, alira ndani? Wa nyumba ya malata sasowa udzu wofolera. Wa ndalama agula ufa kusitolo. Olira ndi mkazi wamasiye amene anali asanamwete udzu wake, ndi nkhalamba imene ming'oma yake ya njuchi inali m'mitengo, ndi ana amene akadatola masuku. Moto woyatsidwa m'dzina la umphawi umadya amphawi anzathu poyamba.

Pali mawu achitatu, olemera koposa awiri aja, amene sanenedwa pabwalo koma amanong'onedwa. Nkhalango ya Nyika inakhazikitsidwa ndi boma m'chaka cha 1965, ndipo m'chaka cha 1978 inakuzidwa kufikira mahekitala oposa 300,000. Pa kukuzidwa kumeneko midzi yambiri ya m'mbali mwa phiri inasamutsidwa, anthu nasiya minda yawo ndi manda a makolo awo; ena a iwo, ndi ana awo, tili nawo m'midzi yozungulira phirili. Tsono pali ena amene poona moto ulikukwera kumka ku Nyika amati mumtima, "Upse, nza boma zimenezo." Chilonda chimenechi nchenicheni, ndipo nkoyenera kuti mafumu ndi a boma azichimva ndi kuchikamba poyera. Koma moto si kalata. Sufika pa tebulo la munthu aliyense ku Lilongwe. Umene ufika ndi ku timagulu ta nkhalango zobiriwira tobisala m'makwawa a paphiri, timene moto uliwonse waukali umatidya m'mphepete pang'ono pang'ono. Ndi ku mitengo ija ya juniper, yonga mkungudza, imene inayamba kutetezedwa m'chaka cha 1948. Ndipo paphiri pomwepo ndi pamene pachokera mitsinje. Rukuru wa kumpoto ayambira pa Nyika nakathira m'nyanja pafupi ndi Karonga; Wovwe ayambira pomwepo, ndipo madzi ake apukusa makina a magetsi. Nthaka imene yapsa mu Okutobala ikhala yamaliseche pamene mvula yoyamba igwa, ndipo madzi m'malo molowa pansi amathamanga pamwamba, natenga dothi kumka nalo kumadambo. Motero wolipsira mkwiyo pa phiri alanga mlimi wa mpunga wa ku Karonga amene sanamuchimwire, ndi mdzukulu wake yemwe amene adzapeza kasupe wouma. Amene afuna kuona mathero a zotere apite ku Chikangawa, kumene nkhalango ya paini ya mahekitala 53,000, yobzalidwa zaka zambiri ndi manja a anthu athu, yachepa kwambiri chifukwa cha moto ndi kudula kosabwezeretsa. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Sufunsa kuti mwini tchire ndani.

Kufikira pano tanena za woyatsa. Koma kodi mlandu uli pa iye yekha? Tamverani za mzinda wa London. Pa 2 Seputembala chaka cha 1666, kutapita miyezi yotentha ndi youma, moto unabuka usiku m'nyumba ya wophika buledi m'kanjira kotchedwa Pudding Lane, ndipo mphepo yolimba ya kum'mawa inali kuomba. Masiku amenewo njira yoletsera moto inali kugwetsa nyumba zina kutsogolo kwake kuti usowe chakudya, monga ife tilambula. Anthu anapempha mkulu wa mzindawo, Thomas Bloodworth, kuti alamule kugwetsa nyumba, koma iye anazengereza, poti eni nyumbazo panalibe. Moto unayaka masiku anayi, nutentha nyumba zoposa 13,000 ndi nyumba za mapemphero 87. Woyatsa anali mmodzi, ndipo mwina kwa iye inali ngozi yeniyeni. Koma mzinda unatha chifukwa cha kuzengereza kwa oyenera kulamula. Chomwecho m'midzi mwathu pali milandu ina yosaoneka. Pali mlandu wa mfumu imene sinamemeze anthu kulambula kuzungulira mudzi, manda, sukulu ndi nkhalango ya mudzi m'mwezi wa Juni, pamene ntchitoyo inali yopepuka. Pali mlandu wa munthu woona utsi kutsidya, nati, "Suli kubwera kwathu," nakhalanso pansi. Waiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndi kuti mphepo itembenuka. Pali mlandu wa kholo lopatsa mwana machesi ndi khasu la mbewa, osamupatsa mwambo.

Tsono tichite naye bwanji woyatsa uja wachiwiri? Alipe ndithu, monga mwa mphamvu yake: ngati alibe chimanga, ali ndi manja omweta udzu ndi oumba nkhokwe. Kulipa sikuli kubwezera choipa, koma kubweza munthu m'chiyanjano cha anansi ake, kuti wolakwa ndi wolakwiridwa athe kudyeranso m'mbale imodzi. Koma mudzi usamale chinthu chimodzi. Moto ukapulumuka m'manja mwa munthu pali kanthawi kochepa pamene anthu khumi angathe kuugonjetsa. Kanthawi kameneko kakapita, ngakhale anthu zana alephera. Pa kanthawi komweko woyatsayo asankha pakati pa kuthamangira kumudzi alikukuwa, ndi kuthawira kuthengo kuti asadziwike. Mudzi umene ulanga mwankhanza aliyense wovomera uphunzitsa ana ake kuthawa, ndipo udzapsa chifukwa cha ukali wake womwe. Chifukwa chake bwalo lisiyanitse poyera: wokuwa msanga, nagwira nthambi pamodzi ndi anzake, mlandu wake upepuke, wothawa nabisala, mlandu wake ulemere, pakuti pa kusasamala waonjezapo bodza.

Tabwera tsopano ku funso lathu. Mphepo ilibe khutu lakumva chenjezo, ilibe maso akuona nkhokwe, ilibe mtima wakusankha tsiku. Chifukwa chake ilibe mlandu, ndipo singathe kusenza wa munthu. Iomba m'nyengo yake monga inachitira makolo athu asanafike m'mapiri muno, ndipo yomweyo idzatitengera mitambo ya mvula. Pa zinthu zitatu zija zimene moto ufuna, udzu wouma ndi mphepo sizili m'manja mwathu m'mwezi wa Okutobala. Koma kamoto koyamba kali m'thumba la munthu. Abale, masiku otentha ano mukamva mawu a zanyengo, muwapitirize kwa amene alibe wailesi, muwanene pasukulu ndi pamsonkhano wa mudzi. Ndipo aliyense wotulutsa machesi m'tchire ayambe waponya fumbi m'mwamba, aone kumene lilikumka, nadzifunse kuti kumeneko akhala ndani.